Chifuwa Chobwereka

Lachiwiri pa 4

Andigoneka lero m'wodi ya abambo, bedi la pazenera. Ndabwera ndi buku langa la miyeso ya makasitomala. Kumbuyo kwake kuli masamba osalemba, ndiye ndizilembamo, poti nthawi kuno ndi yosowa nayo chochita. Sukulu sindinaipondeko, zilembo ndinazitola pa utelala pomwepo, choncho ndilemba mwa pang'onopang'ono.

Chandibweretsa ndi chala chachikulu cha phazi lamanja. Ndinaponda singano pakhonde pomwe ndimasokera, osamva kanthu, popeza shuga anandipha mapazi kalekale. Ndinadzazindikira nditaona magazi m'nsapato. Mayi a kunyumba ayesa kutsuka ndi madzi amchere, koma chala chada bii ngati khala, ndipo chayamba kununkha.

Adokotala ndi mayi wachichepere. Ndangowaona maso okha, kwinaku masiki. Atobwanya phazi, afunsa ngati ndikumva, kenako atenga cholembera nkujambula mzere pakhungu pomwe kufiira kwalekezera, monga ndimachitira ine ndi choko pansalu. Akuti chala chichoke sabata ino. Chikachoka msanga phazi litsala. Kufiira kukadumpha mzere, nkhani isintha.

Ndawafunsa ngati munthu wopanda chala angaponde makina. Aseka, akuti chopondera sichiwerenga zala. Mtima wakhalako pansi. Phazi limeneli ndi limene limatidyetsa, ine, mayi, ndi adzukulu amene mwana wathu anatisiyira.

Shuga ayeza 19. Akuti wakwera kwambiri. Andiika diripi ya mankhwala opha tizilombo.

Lachitatu pa 5

Kuno kumacha ndi chikolopa. Akatha okolopa amabwera anamwino ndi jakisoni wa shuga, pamimba, kenako mapiritsi awiri oyera. Anamwino ndi mmodzi yekha wodi yonseyi, mayi wamkulu, mapazi otupa. Tiyi wanga ndi wopanda shuga. Akuti ndili naye kale wokwanira m'thupi.

Kumanzere kwanga kuli Aphunzitsi, anapuma ntchito kalekale. Mkodzo unatsekeka, ali ndi paipi ndi kathumba kolendewera pabedi, akudikira opaleshoni chiyambire mwezi watha. Ali ndi kawailesi, sakasiya. Kumanja kuli Dalaivala wa lole, ntchafu inathyoka pangozi, mwendo anaukoleka m'mwamba ndi chingwe ndi zitsulo. Pakamwa pokha ndi pamene sipanathyoke. Atamva kuti ndine telala wati ndafika bwino, ndimusokereko ntchafu, alipira akachira.

Alendo saloledwa chifukwa cha mliri. Chakudya amasiya pageti, mlonda nkumabweretsa. Mayi atumiza mpunga ndi nyemba, ndi nthochi ziwiri. Nthochi anamwino alanda imodzi, akuti ziwiri ndi zambiri kwa ine. Yapita kwa Dalaivala.

Lachinayi pa 6

Anandiuza kuti ndisadye kanthu, lero ndi la opaleshoni. Ndavala chovala chawo chotsegula kumbuyo, chosokedwa moipa zedi, ndakhala chidikirire mpaka dzuwa lafika pamutu. Kenako anamwino abwera ndi tiyi, akuti ingomwani agogo, fiyeta yatsekedwa.

Fiyeta ndi chipinda chomwe amachitiramo opaleshoni. Akuti bambo amene amagonetsa anthu tulo amutengera ku tenti, pamodzi ndi masilinda a mpweya ndi anamwino a kumeneko.

Tentiyo ndikuiona pazenera langa. Ili kuseri kwa mpanda wa waya, yoyera mbee, yaikulu ngati tchalitchi, ndi ina yaing'ono pambali pake. Aphunzitsi andifotokozera kuti boma linatulutsa ndalama zambiri zolimbana ndi mliri, anamva okha pawailesi. Koma ndalamazo zinabwera ndi lamulo lake. Chilichonse chogulidwa nazo amachimata chizindikiro chofiira, ndipo sichidumpha waya uja. Za ife akuti ndi thumba lina, ndipo thumba limenelo analikhuthulira komweko mliri utangoyamba.

Adokotala atabwera ndawapempha angodula chonchi, poti ine phazi sindilimva ndi kale. Akuti si tulo tokha. Mipeni yowiritsidwa bwino kupha tizilombo, ulusi wosokera bala, zonse zili uko. Ndati ulusi ndili nawo kunyumba, mitundu yonse. Sanaseke lero.

Loweruka pa 8

Diripi yatha dzulo, ina palibe. Akuti mosungira mankhwala mwatsala mashelefu okha. Andipatsa makapisozi, limodzi m'mawa, limodzi masana, limodzi madzulo. Adokotala anena okha kuti awa ndi ofooka pa bala ngati langa.

Bandeji akuchapa nkumangiranso lomwelo. Ndinafunsa anamwino ngati mankhwala a diripi aja atha dziko lonse. Anayamba ayang'ana kukhomo. Akuti alipo, makatoni kuunjikana mpaka kudenga, anawaona ndi maso awo atapita kukasiya mabulangete. Koma onse ndi omata chofiira. Amabwera anthu a ku likulu kudzaona makatoniwo, botolo limodzi likasowa ntchito yatha. Ali ndi ana kusukulu, ndawamvetsa.

Kufiira kwadumpha mzere, mulifupi mwa chala changa chamkombaphala. Shuga 16.

Lamulungu pa 9

Mayi anazungulira kuseri kwa chipatala nkuima pa mpanda woyang'anana ndi zenera. Tinachita kufuulirana ngati anthu a kutsidya kwa mtsinje. Afunsa ngati adula. Ndati mawa. Afunsa ngati ndikudya. Ndati ndikudya. Akuti adzukulu akukangana za amene azigona malo anga.

Aonda. Sindinawauze za mzere.

Lolemba pa 10

Kunabwera akuluakulu kudzaona tenti. Magalimoto atsopano, aatali, ndinasiya kuwerenga. Chiyambire m'mawa anthu amapaka laimu miyala ya m'mbali mwa msewu, ndipo pageti aikapo zidebe zatsopano za mipopi zosambira m'manja.

Aphunzitsi anamva kuti mwina alowanso kuno. Anavala jekete pamwamba pa chovala cha chipatala, napesa tsitsi, nakonza mawu oti akanene. Anandiyeserera kawiri. Anali mawu aulemu, oyamba ndi kuthokoza boma, kenako kukumbutsa kuti matenda akale sanapite kutchuthi. Anakhala tsonga pabedi, kathumba ka mkodzo atakabisa ndi thaulo.

Tinangomva m'manja kuwombedwa kuseri kwa waya, kenako magalimoto kulira. Jeketeyo anavula okha mwakachetechete.

Madzulo wailesi yati zipatala zonse tsopano zili ndi zipangizo zokwanira. Dalaivala wati ndiye kuti ife atigoneka padepoti, tifunse bwino.

Adokotala ajambula mzere wachiwiri, pakati pa phazi. Zala zina ziwiri zayamba kuda.

Lachitatu pa 12

Fungo lakula. Wa bedi la kutsogolo wapempha kuti amusunthe, sindikumuda. Ntchentche zikundidziwa dzina.

Aphunzitsi thupi latentha. Paipi yawo yatsekeka, yatsopano palibe. Anamwino ayesa kuitsuka ndi madzi. M'kathumba mukutsika zofiirira, pang'ono pokha. Wailesi lero sanatsegule.

Ndagona chagada ndikuyendetsa phazi m'bulangete ngati ndikuponda makina. Likuyendabe.

Lachisanu pa 14

Aphunzitsi atisiya m'mawa uno, tiyi asanabwere. Dzulo lonse amalankhula ndi ana a sukulu amene palibe, kuwauza akhale pansi. Adokotala anathamanga uku ndi uku, anapita mpaka pa waya kukalankhula ndi a ku tenti, anabwerako manja ali m'thumba. Aphunzitsiwo anawakulunga m'bulangete lawo lomwe. Jekete anaiika pamwamba.

Masana Dalaivala anati, osayang'ana munthu, "Akanangotsokomola madala aja, bwenzi ali moyo."

Ndinamufunsa akutanthauzanji. Akuti ine ndisanabwere, munthu wina wa bedi la kukhomo anatsokomola kawiri, thupi nkutenthako. Tiyi asanazizire anafika anthu ovala zoyera thupi lonse, ndi njinga ya odwala yatsopano, kumunyamula ngati mkwati. Akuti kuno kufa ndi mkodzo kapena phazi si nkhani, wailesi siinena. Koma chifuwa ndiye chili ndi abale ake ku boma.

Ndinamuuza asamaseweretse maliro. Anati sakuseka.

Loweruka pa 15

Mzere wachitatu. Adokotala akuti tsopano si chala, ndi theka la phazi. Koma chidendene chikadali chabwino, magazi akufikako. Ndafunsanso za makina. Akuti ndi chidendene ndi nsapato yokonzedwa bwino, ndikhoza kuponda. Kufiira kukafika pa kakolo, chidendene sangachisunge.

Ndayeza ndi zala zanga kuchoka pamzere kufika pa kakolo. Zala zinayi. Chiyambire ndabwera, kufiiraku sikunapumeko tsiku ndi limodzi lomwe.

Ndafunsa fiyeta atsegula liti. Akuti akumenyera nkhondo, akulemba, akupempha, koma tsiku sangalonjeze. Maso awo ndi ofiira ngati a munthu wosuta.

Dalaivala wandinong'oneza njira yake. Anamwino amayeza kutentha ndi kamfuti kolozetsa pamphumi, ndipo amabwera tiyi atangogawidwa. Ndiye ndigunditse kapu yotentha pamphumi mpaka khungu lipse, ndiichotse akamalowa. Nditsokomole chouma, osati chamakhololo. Akafunsa ndinene kuti chakudya sindikuchimva fungo. Akuti iye akanapita kale, koma munthu womangidwa pa chingwe sanyamulika.

Ndati ine pa moyo wanga bodza limene ndimalidziwa ndi limodzi, lakuti bwerani mawa chovala chanu chatsala mabatani. Wati bodza ndi bodza madala, mwayeserera zaka zonsezi, lero ndiye mpikisano.

Lamulungu pa 16

Mayi sanabwere pa mpanda, anatumiza chakudya chokha. Buledi ndi masamba. Mafuta mulibe. Ndadziwa mmene zinthu zilili kunyumba.

Ndapemphera, koma mawu amangobwerera pa phazi.

Lolemba pa 17

Zala zitatu kufika pa kakolo.

Ndinafunsa adokotala mozungulira, ngati nkhani yongocheza. Ndinati kodi munthu wa ku tenti akakhala ndi bala ngati langali, amamupatsa diripi ija? Anati inde, amene walowa kumeneko amalandira chilichonse chimene thupi lake likufuna. Ndinafunsanso ngati bambo wogonetsa tulo akadali komweko. Anati ali komweko usana ndi usiku. Anapitirira kwa wodwala wina.

Ndakhala ndikusonkhanitsa m'mutu. Mankhwala ali uko. Wogonetsa ali uko. Mipeni ndi ulusi zili uko. Chimene chili kuno ndi phazi lokha. Ndiye phazilo lipite kumene kuli zinthu.

Mliri ndikuuopa, ndamva kuti umakonda ife okalamba a shuga. Koma mliri sindinauone, pamene phazi ndikuliona, ndipo ndikulinunkhiza.

Lachiwiri pa 18

Ndachita.

Kapu inali yachitsulo, inandiwotcha mpaka misozi. Anamwino atalozetsa kamfuti kanalira mosiyana ndi masiku onse. Ndinatsokomola monga anandiphunzitsira. Ndinanena za fungo.

Anamwino anandiyang'ana nthawi yaitali. Anayang'ana kapu, anayang'ana Dalaivala amene anali atafunda kumutu ngati wagona. Kenako anandigwira khosi ndi kuseri kwa dzanja, khosi lili zii.

"Agogo, mukudziwa kumene mukupita?"

Ndinati thupi ndi limene latentha, mwanangu, ine ndilibe mawu.

"Ine ndilemba zimene kamfuti kanena. Koma ndakufunsani."

Anabweradi msanga, anthu awiri ovala zoyera, nkhope zili m'magalasi. Njinga yatsopano, matayala osalira. Potuluka Dalaivala anatulutsa dzanja m'bulangete nkundikwezera chala chachikulu. Wailesi ya Aphunzitsi yatsala ndi iye, abale sanaitenge.

Lachitatu pa 19

Ndili mu tenti yaing'ono. Akuti muno ndi modikirira, mwa anthu amene akuganiziridwa. Anandilowetsa kamtengo ka thonje m'mphuno mpaka ndinamva ngati kakanda ubongo. Akuti akatumiza kutali kukayeza, yankho lidzabwera, tsiku sakudziwa poti zoyeza zachuluka.

Koma zinthu zilipo, abale. Asanandifunse ndi dzina lomwe, diripi inali italowa kale, botolo lomwe lija, chizindikiro chofiira pambali. Atsuka bala ndi mankhwala abulauni, amanga bandeji latsopano lochokera m'pepala. Bulangete lonunkhira sitolo. M'mawa dzira ndi mkaka. Shuga ayeza katatu, 14, 12, 12. Ndinalira pamene amamanga bandeji, mtsikana womangayo anayesa ndikumva kupweteka.

Ndayimbira mayi pa kafoni kanga kuwauza kuti andisuntha. Anafunsa ngati ndili ndi mliri. Ndati akungoyeza, musade nkhawa, kuno ndiye kuli mankhwala.

Chokhacho, mabedi ndi oyandikana kwambiri. Kumanja kuli bambo wonenepa, wogulitsa nyama, akutsokomola mochokera pansi pa mimba, akamapuma ngati akukoka chitseko cholemera. Kumanzere mnzake chimodzimodzi. Masiki anandipatsa, koma munthu sungadye nayo, ndipo pogona imavuka. Chifuwa changa chobwereka ndachisiya, ndikuchita nacho manyazi pakati pa eni ake.

Lachinayi pa 20

Kunabwera dokotala wa kuno, bambo, mawu okha ndi amene ndawadziwa. Anamasula bandeji, anaona mizere ya adokotala athu, anapukusa mutu. Anati phazi ili likufunika mpeni mwamsanga. Ndinati ndi chimene ndadzera, bwana, wogonetsa tulo si ali konkuno?

Anati ali konkuno, koma ntchito yake kuno ndi kuyang'anira anthu amene akulephera kupuma. Mu tenti sadula munthu. Mipeni inabwera kudzasungidwa chabe, poti anamwino ake ali kuno. Ndipo munthu amene walowa mu tenti saloledwa kufika ku fiyeta, ngakhale itatsegulidwa, mpaka pepala linene kuti alibe mliri.

Ndinati chifuwa chatha, ndachira, ndibwezeni kuwodi. Anati sizitero, agogo, mwagona kale pakati pa anthu awa, tidikire pepala.

Funso limeneli ndi limene sindinawafunse adokotala athu Lolemba. Ndinafunsa za diripi, ndinafunsa za wogonetsa, za mpeni ndinangodziyankha ndekha. Safunsa anadya phula.

Diripi ikuthandiza, kufiira kwachepetsa liwiro. Koma chakuda sichibwerera, akuti chakufa ndi chakufa, ndipo chimakoka chinzake. Zala ziwiri ndi theka.

Loweruka pa 22

Wogulitsa nyama anamutengera ku tenti yaikulu dzulo. Lero bedi lake lili ndi wina.

Masana foni inalira, nambala yachilendo. Anali Dalaivala. Sanayambe ndi nthabwala, ndinadziwiratu kuti pali kanthu. Mawu ake anali olemera ngati munthu wodzuka kumene.

Akuti dzulo Lachisanu fiyeta inatsegulidwa. Adokotala athu anakakamira mpaka akuluakulu anawabwereka wogonetsa tulo ndi silinda imodzi, tsiku limodzi lokha. Anachita anthu asanu. Iye amuika chitsulo m'ntchafu, chingwe achotsa. Akuti adokotala analowa m'wodi m'mamawa akumwetulira, nalunjika pa bedi la pazenera, poti woyamba ndinali ine. Anapeza pagona munthu wina.

Ndinangoyang'ana bandeji la kuphazi. Iye anati, "Madala, mulipo?" Ndinati ndilipo. Anati, "Nditukwaneni, madala. Chonde nditukwaneni."

Ndinamuuza kuti kapu ndinagwira ndekha. Ndinamufunsa ngati atsegulanso. Akuti wogonetsa wabwerera kale kuno. Ndikumuona ndithu, bambo wamtali, amadutsa pakhomo pa tenti yathu akukankha silinda.

Chakudya chamadzulo sindinadye. Inali nkhuku.

Lolemba pa 24

Pepala labwera. Ndilibe mliri.

Koma chiyambire dzulo kukhosi kukukanda, mutu ukuwawa, mafupa onse ngati andimenya. Kamfuti kalira kokha, popanda kapu. Mtsikana womanga bandeji anatsegula botolo la mankhwala abulauni pafupi ndi mphuno yanga, sindinamve kanthu. Phazi lomwe sindikulimva fungo. Poyamba ndinakondwa, ndimayesa lasiya kununkha.

Dokotala wa kuno akuti pepalali likunena za tsiku limene ndinalowa, osati za lero. Alowetsanso kamtengo. Sindituluka.

Walira mvula walira matope.

Lachitatu pa 26

Tenti yaikulu. Sanadikire pepala, kupuma kunavuta. Timapaipi m'mphuno, mpweya wozizira. Akundigoneka chafufumimba. Jakisoni wina pamimba, akuti woletsa magazi kuundana. Mapiritsi atsopano akweza shuga, 24.

Chala chimodzi kufika pa kakolo. Ndinayeza mtsikana akumanga.

Lachinayi pa 27

Pepala lachiwiri. Ndili nawo.

Kulemba kukutopetsa.

Loweruka pa 29

Lero ndapumako bwino, achepetsa mpweya. Ndamwa phala theka la kapu.

Kunabwera munthu wovala zoyera, wamfupi, nkuima kumapazi. Ndinawazindikira maso. Adokotala athu, apempha chilolezo kuti alowe. Anamasula bandeji okha. Cholembera anali nacho m'manja koma sanajambule.

Anati chidendene chapita. Kakolo wapita. Adzadula pansi pa bondo, ndipo zimenezo ndi pokhapokha chifuwa chitatha, pepala litayera, ndi fiyeta itapezekanso. Pakadali pano diripi ndi yongotchinga kuti zoola zisalowe m'magazi. Zikalowa, sitidzakambanso za mwendo.

Sindinafunse za makina.

Ndimadikira kuti andikalipire, poti anamwino ayenera kuti anawauza. Sanatero. Anamanga bandeji bwinobwino, nakonza bulangete. Potuluka anangoti, "Ndinakufunani Lachisanu lija, agogo."

Ndinati ndinamva, mayi.

Anati nawonso akanakhala pabedi lija, akuona tenti ya makatoni ija pazenera, sakudziwa chimene akanachita. Kaya ananena kuti andipepese, kaya ndi zoona.

Lamulungu pa 30

Mayi ayimba. Akuti kutchalitchi sakusonkhana, koma anzawo akundipempherera m'nyumba zawo. Akuti tithokoze Mulungu kuti mliri wandipeza ndili kale m'chipatala, ndipo boma landiika kumene kuli mankhwala, ena akufera panjira. Ndinati eya, tithokoze.

Kenako ndinawauza za bondo. Sanalire, ndinangomva akuthamangitsa adzukulu kuti akasewere panja.

Ndinawauza atsegule sutikesi ya pansi pa bedi, mmene ndimasunga nsalu za makasitomala. Iliyonse ndinaimangirira kachidutswa kolemba mwini wake. Aitane mdzukulu wamkulu awawerengere, abweze nsalu iliyonse kwa mwini wake, apepese, anene kuti akapeze telala wina. Asadikire kuti anthu achite kubwera kudzafunsa.

Anati nsanga zotani, bwanji tidikire muchire. Ndinati bwezani, mayi.

Ndinamva sutikesi ikukokedwa, zipi ikutseguka. Anatchula imodzi imodzi, ine ndikuvomera. Ya amayi a pachigayo. Ya abusa. Mayunifolomu a ana a kalipentala. Atafika pansi anaima.

Anati yatsala ya buluu, suti ya mnyamata wa ukwati uja. Imeneyi munaidula kale, abambo, ili zidutswazidutswa, manja paokha, msana paokha. Ndikabweza bwanji?

Ndinaiwala. Ndinaidula madzulo a tsiku lomwe ndinaponda singano, nsalu yabwino, yolemera, mnyamatayo anaisungira nthawi yaitali. Telala wina sangailandire, aliyense amadula mwake.

Ndinakhala ndikupuma, mpweya ukulira m'timapaipi. Iwo akudikira.

Ndinati imeneyo ibwezereni m'sutikesi. Akabwera mwini wake mumuuze abwere mawa.